Wantchito anali malemu, ine akuti ndine mkazi chabe

Munthu wa tayi wandiuza m'maso muli gwa kuti sindinagwirepo ntchito. Ine, amene ndasoka fodya mpaka zala kuuma!

Ndine mayi a Tadala. Kwathu ndi ku Phalombe, koma tinabwera pa esiteti ina kuno ku Santhe kudzalima fodya ngati matenanti. Mwezi watha amuna anga anayamba chifuwa ndi kubanika. Sabata isanathe korona anawatenga. Tinawaika konkuno mothamanga, abale awo osabwera. Fodya wathu anamusiya ali lende m'chigafa.

Misozi isanaume a kapitawo anafika. Akuti phoso, chimanga chimene timalandira mwezi ndi mwezi, layima, chifukwa eni esiteti anapangana ndi mwamuna osati ine. Akuti pakutha pa mwezi ndituluke m'nyumba, kukubwera banja lina lodzasankha fodyayo ndi kudinda mabelo. Fodya amene ndinamuthirira ku nazale dzuwa likuswa mtengo.

Pawailesi anali atalengeza kuti boma laika thandizo la apantchito ovutika ndi mliriwu, komanso kuti lamulo loteteza matenanti likupita ku Nyumba ya Malamulo. Ndinakhulupirira. Lachiwiri ndinakwera minibasi ya pa Boma, kupita ku ofesi imene anthu anandilozera.

Ndinafika 8 koloko. Mlonda anati ndisambe m'manja. Ndinasamba. Anayang'ana zala zanga, nati ndibwereze, zada. Ndinamufunsa kuti achimwene, mumakhala ku Kasungu konkuno koma utomoni wa fodya simuudziwa? Umenewu suchoka ndi sopo wanu wosungunula ndi madziyu. Anandilowetsa akunyinyirika.

Pabenchi ndinakhala mpaka msana kuwawa. Abwana ali ku msonkhano wa korona, akuti. Anatulukira 2 koloko itadutsa, tayi ili pakhosi, masiki ali pachibwano, akutokosa m'mano.

Ndinafotokoza zonse. Iwo anafunsa kuti tenanti ndi ndani. Ndinatchula amuna anga.

“Ndiye abwere okha.”

“Bwana, ndanena kuti anamwalira.”

“Pepani mayi. Koma thandizoli ndi la wantchito. Inu ndinu mkazi wa wantchito.”

Mtima unandiwawa, ndipo sindinabise. Ndinawauza kuti pa esiteti salemba mbeta yachimuna. Tsiku limene tinafika, funso loyamba kwa amuna anga linali lakuti, “Uli ndi mkazi?” Akanati ayi akanabwezedwa pomwepo. Eni esiteti amadziwa kuti wothyola, wosoka ndi wosankha ndi mkaziyo. Polemba ntchito ndinali wofunika. Mwamuna wafa, ndasanduka katundu wake ngati njinga?

Abwana anangogwedeza mutu, nati mfundo yanga ndi yabwino kwambiri. Mfundo yabwino! Ana anga adya mfundo?

Ndinafunsa za lamulo lija. Akuti likadali bilu, silinavomerezedwe, aphungu anabalalika chifukwa cha matendawa, ndidzabwerenso likadzadutsa. Ndinati nanga panopa? Akuti ndibwerere ku Phalombe ndikalembetse thandizo la kumudzi. Boma lomwelo likuti tisayendeyende. Ndipo ndinyamuke, fodya ndimusiyire ndani? Kenako anayang'ana wotchi, nati mlonda anditulutse, ndakhalitsa m'chipinda, mpweya suli bwino.

Ndiye inu aphungu, ndiyankheni. Korona akukuopsani kukambirana lamulo, koma misonkhano ya alawansi yokha sakuyifika? Mwalemba kuti wantchito. Mayi amene amawerama m'mizere mwana ali kumsana mwamulemba kuti ndani? Lamulo lanulo likadzadutsa lidzateteza yani, ife titathamangitsidwa kale?

Amayi anzanga a m'maesiteti, musachite kudikira maliro. Pitani lero ndi amuna anu akadali moyo, mukafunse pamaso pa mboni kuti iwo atagwa mawa, nyumba ndi fodya zikhala za yani. Muone mmene a kapitawo ayang'anire kumbali.

Ine ku ofesi kuja sindibwererako, ndipo ku Phalombe sindipita manja lende. Mphasa ndasamutsira m'chigafa. Mwezi ukutha Loweruka, ndipo banja latsopanolo lidzandipeza momwemo ndi ana anga, tikusankha fodya wathu. Amene akufuna tsamba ngakhale limodzi ayambe wandinyamula ine, andidinde m'belo, akandigulitse ku okushoni.