Galasi la pa Windo la a Regina

A Blackson sankakhazikika, munthu uja. Atapuma ntchito ku polisi, kumene anali ku nthambi ya zidindo za zala, anadzakhala nafe kuno ku Bangwe, kumene banja lawo linkakhala kuyambira kale, koma mutu unatsala ku ntchito. Ukawapatsa madzi, ankayamba aunika kapuyo padzuwa. Ine ndinali neba wawo, ndipo kunena zoona ankanditopetsa.

"Amake Grace," ankatero, "chala chilichonse chili ndi mizere yakeyake. Olo mapasa safanana. Ukagwira chinthu, thukuta limasiya mizereyo pomwepo."

Ndiye nkhani yawo ya ku Argentina, ha! Tinachita kuiloweza. Akuti mu 1892 mayi wina kumeneko anapha ana ake n'kunamizira neba, koma chidindo cha chala chamagazi pachitseko chinamuyalutsa.

Owapsetsa mtima tinali ife. Kuno akuba akathyola nyumba, tonse timakhamukirako kukapepesa. Wina wagwira chitseko, wina windo, wina watenga tsache wasesa pabwalo kuti alendo asapeze zinyalala. A Blackson ankachita kukalipa. "Anthu inu, mukusesa wakuba!" Ife n'kumangoseka. Okalipidwa kwambiri anali akazi awo, a Dorcas, poti iwowo kansalu kopukutira sikankachoka m'manja.

Mu 1996 kuba kunanyanya. Anthu ankadandaula kuti wakuba ukamupereka lero, mawa ukumana naye kumsika. Basi anayamba kuweruza okha, ndi tayala ndi palafini.

Lamulungu lina masana, a Regina, aphunzitsi a kumtunda kwathu, ali kutchalitchi, wina anazula magalasi a windo n'kuba wailesi. Mphekesera inagwera Marko, bambo wamaganyu, chifukwa dzulo lake ankatchetcha udzu pamenepo. Dzuwa lisanapendeke, anyamata anali atapeza kale tayala. Marko anathawira m'nyumba mwanga, pansi pa bedi. Ine mantha, mayo ine!

A Blackson anathamangira kwa a Regina. Pabwalo anapeza posesedwa kale, mwa nthawi zonse. Koma galasi limodzi wakubayo analitsamiritsa kuseri kwa maluwa, ndipo opepesa sanalione. Analinyamula m'mbalimbali ngati mbale yotentha n'kubwera nalo pakhonde pawo. Anawazapo paudala wa ana, n'kumasasa pang'onopang'ono ndi nthenga ya nkhuku. Ine ndi a Dorcas tinkasuzumira.

Chala chachikulu chinatuluka bwinobwino, chipsera chitadutsa pakati pa mizere.

A Blackson anaika nthenga pansi. Chipsera chimenecho tonse atatu tinkachidziwa. Mwana wawo Lonjezo anadzicheka ndi chikwanje ali wamng'ono, ndipo amene ndinathamanga naye kuchipatala ndine. Lonjezo yemweyo tsopano anali wandevu, lova, wosachoka ku kachasu, ndipo nthawi imeneyo anali m'nyumba akuliza mkonono.

A Dorcas anagwira nsonga ya chitenje n'kupukuta galasilo mpaka mbee.

"Palibe chaoneka, bambo a Lonjezo," anatero, misozi ili chuchuchu.

Ine ndinawamvera chisoni, komanso ndinapsa mtima. Nanga Marko alibe amake? Kumsewu phokoso linkayandikira, tayala likugubuduzika. A Blackson anayang'ana galasi, kenako nyumba yanga.

"Mayi a Lonjezo, galasi mwapukuta. Nanga maso angawa?"

Analowa m'nyumba, n'kutuluka atagwira Lonjezo padzanja, molunjika ku gulu lija.

"Marko musiyeni!" anakuwa. "Wakuba ndi uyu, mwana wanga. Ndikukamupereka ku polisi ndekha. Wofuna kuyatsa ayambe ndi ine."

Onse anapatuka. Wailesi inakapezeka komwe Lonjezo ankamwera, iye n'kupita kundende. Marko anatuluka kunsi kwa bedi, ndipo mpaka lero ndi amene amatchetcha kwa a Regina.

Nkhani ya ku Argentina sitinaimvenso. Ndipo chichokereni tsiku limenelo, a Blackson ukawapatsa madzi, ankangomwa.