Chingerezi Cholemera cha a Overtoun Mhango

Mu Zolozolo monse, ku Mzuzu, munalibe munthu wa Chingerezi cholemera ngati a Overtoun Mhango, ndipo umboni wake ankapereka okha tsiku ndi tsiku. Akuti atabadwa ku Mzilawaingwe anakana kulira, poona kuti makanda enawo akulira m'Chitumbuka. Atakula anapeza ntchito yophunzitsa Fomu 4 pa kasukulu kena ka pulayiveti kapachitunda.

Chiphunzitso chawo chinali chakuti mawu aafupi ndi a anthu osauka. Mwana akayankhula Chingerezi chosatopetsa lilime, ankamuveka fupa la ng'ombe m'khosi mpaka poweruka. Wofuna kupita kuchimbudzi masana ankayamba m'mawa kusaka mawu opemphera.

Ana atalephera mayeso mwaunyinji, mwini sukulu, Mayi Nyirenda, anawaitana. "A Mhango, Lachisanu ndidzamva ndekha Chingerezi chanucho. Ana akapanda kundigometsa, ntchito yatha."

Lachisanu kunagwa kamvula ka Mzuzu kosadziwa kusiya. Mayi anaimika galimoto pamtsetse woterera n'kulowa m'kalasi. Bridget, mtsikana wokhala pawindo, anaona galimoto ija yayamba kutsetsereka, anakweza mkono.

"Yankhula," anatero a Overtoun, "koma mwaulemu wa sukulu ino."

Bridget anayang'ana fupa patebulo, anayang'ana galimoto, kenako anatsegula dikishonale.

"Distinguished proprietress, your automobile is... is..."

"Wina asamuthandize," anatero a Overtoun, chifuwa chili patsogolo. "Mwaona, mayi? Kale mwana ameneyu akanangoyankhula ngati ali pamsika."

Bridget ananyowetsa chala, anatsegula masamba, anabwerera, anatsegulanso.

"...perambulating unaccompanied."

A Overtoun anaomba m'manja, misozi ili lengelenge. Nawo Mayi Nyirenda anaomba.

Anathokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, mwana wanga. Koma akuti chiyani, a Mhango?"

"Akuti galimoto yanu ikuyenda yokha, mayi. Kungoti pali mawu ena okoma kuposa amenewa, ochokera ku Chilatini, omwe..."

Chiganizocho chinamalizidwa ndi chiphokoso cha kuchigwa, komwe galimoto inakapsompsona mtengo wa bulugamu.

Mayi atabwerako, matope mpaka m'mawondo, analoza geti n'kunena m'Chitumbuka kuti, "Lutani," kutanthauza kuti azipita.

Masiku ano a Overtoun amagulitsa madikishonale akale pafupi ndi depoti ya basi. Aliyense woima pamenepo, ngakhale wongobisala mvula, amamufotokozera kuti mwanayo sanalakwitse kanthu, galimoto ndi imene inafulumira.