Mkaka wa Opopera Penti

Achimwene anga anthu ankawatcha a Mawanga, chifukwa kaya asambe chotani, penti inkatsalabe m'zikhadabo ndi m'nsidze. Ankapopera magalimoto m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa galaja, chitseko chili chitsekere kuti fumbi lisagwere pa penti yaiwisi. Galimoto inkatetezedwa choncho, koma munthu ankangomanga kansanza pamphuno.

Poweruka, bwana ankagawira opopera paketi ya mkaka aliyense. Akuti umatsuka m'chifuwa. Anzawo ankaugugudiza pageti pomwepo, koma achimwene ankauika m'thumba la ovolosi kukapatsa mwana wawo wamkazi, yemwe anabadwa wonyentchera.

"Ine chifuwa changa n'chachitsulo," ankatero akuseka.

Imvi zisanachuluke n'komwe, chifuwa chija chinayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri. Kuvala nsapato kokha, befu. Atapempha thandizo kuntchito, bwana anangofunsa kuti, "Kodi mkaka uja munkamwa?" Anawachotsa ntchito chimanjamanja, ndipo iwo anavomera kuti analakwadi.

Chinkandiwawa kwambiri ndi mwana uja, amene tsopano anali mtsikana wamkulu. Tsiku lililonse ankabwera ndi kapu ya mkaka n'kugwada pambali pa bedi.

"Imwani, bambo. Ndinakumwerani ine, n'chifukwa chake mukudwala."

Bambo ake ankamwa mokakamiza, iye n'kukalirira kuseri kwa nyumba.

Titawagoneka m'chipatala, mlamu wanga, mkazi wawo, anafunsa dokotala kuti, "Akanati azimwa mkaka uja, bwenzi atadwala chonchi?"

"Mayi, mkaka umapita m'mimba, penti imapita m'mapapo," anayankha dokotala. "Sizikumana. Chinkafunika n'chophimba kumaso chenicheni, ndi mpweya m'chipindamo."

Ine ndinkafuna kuthamangira kugalaja kuja ndikamulalatire bwana uja mpaka mawu athe. Koma achimwene ankangosakasaka mpweya. Kenako anatambasula dzanja lawo lamawanga lija n'kugwira la mwana wawo.

"Wamva, mwanawe? Sunandilande kanthu. Bola unamwa ndiwe, unakulira pomwepo."

Mtsikanayo anagwetsa nkhope pabulangete. Tonse tinalira, koma achimwene ankamwetulira.

Mwezi usanathe, tinawaika m'manda. Tsiku lina ndinadutsa pagalaja paja nthawi yoweruka. Kachipinda kaja kanali kotsekabe, ndipo azibambo amawangamawanga anali ataima pageti, akutsokomola, aliyense ndi paketi yake ya mkaka.