A Pearson ndi Chingwe cha Spido

Alamu anga a Pearson, amuna a achemwali anga a Peggy, ndi munthu woti sangaone chinthu chotseka osafuna kudziwa za m'kati mwake. Achemwali amati bambo amenewa mukawasiyira wotchi, pobwera mupeza timawilo tili m'mbale. Kwawo ndi ku Ntcheu, koma mu Area 23 muno akhalamo zaka zoposa makumi awiri, ndipo palibe wailesi ya pa mzere wathu imene sanaimasulepo.

Zaka khumi ndi zitatu anali wa fosholo pa lole ya Mayi Tina a ku Chipasula, kupakira mchenga ndi kutsitsa njerwa. Dalaivala wa loleyo anali a Enerst, bambo wosalankhulalankhula. A Enerst ndi amene ankawapatsa alamu chiwongolero pobwerera m'misewu yafumbi, kuwaonetsa magiya, kuwakalipira akazimitsa injini pachitunda. Sanawalipiritsepo ngakhale botolo la fanta. Alamu atatenga laisensi ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, Mayi Tina anagula lole yachiwiri n'kuipereka kwa a Enerst, yakale ija n'kuwapatsa alamu. Koma anawauziratu: "Miyezi itatu ndikukuyesani. Tikiti imodzi yokha ya liwiro, makiyi patebulo, mubwerere ku fosholo."

Tsono lole yakaleyo inali ndi vuto. Spido, kamuvi kaja koonetsa liwiro, kanangogona pa ziro. A Enerst ankati kanafa kalekale, sipeya yake sipezeka m'Malawi muno. "Muziyendetsa ndi khutu," ankatero. "Injini imanena yokha." Chabwino, koma khutu la alamu linaphunzira pafumbi, lole italemedwa. Paphula, lole ili yopanda kanthu, potsetsereka, injini imangong'ung'udza pang'ono ngati ikuyenda bwinobwino.

Sabata yachitatu, Lachinayi m'mawa, apolisi a pamsewu anawaimika pa bypass. Mayi wapolisi anawaonetsa kamera: sevente eyiti, pamalo oyenda fifite. Munthu wina akanayamba kupepesa. Alamu ayi ndithu! Anayamba kufunsa kuti kamakina kameneka kamadziwa bwanji liwiro kali patali, kamaona tayala kapena galasi, nanga magalimoto akabwera awiri kamasankha bwanji. Mayiyo anawayankha mafunso awiri oyamba, kenako anangowalembera tikiti n'kuwauza kuti pali anzawo pamzere. Analipira chindapusa, koma wina wa ku Chipasula amene ankadutsa pa minibasi anali atawaona. Dzuwa lisanalowe foni inalira, anali Mayi Tina: "Lolemba m'mawa mubwere ndi tikitiyo, ndi lole yomwe."

Kunyumba kunali ngati kwagwa maliro. Achemwali anali atauza kale mpingo wonse kuti amuna awo ndi a dalaivala. Ine ndinati: "Alamu, musadandaule, chokupulumutsani chilipo. Spido ndi yakufa. Munthu angadziwe bwanji liwiro popanda spido? Mukangonena zimenezo basi. Koma chonde, musakhudze kanthu pa lole imeneyo mpaka Lolemba." Anagwedeza mutu ngati amva.

Amva chiyani! Lamulungu titabwera ku tchalitchi, ndinangoona miyendo ikutulukira pansi pa lole, buluku la ku tchalitchi lomwelo, atayala thumba. Akuti ankangofuna kuona kuti kamuvi kamafa bwanji. Anatsatira chingwe chake kuchokera kutsogolo mpaka ku giyabokosi, ndipo anachipeza sichinaduke ayi. Chinali chomasulidwa bwinobwino, kunsonga atakukulunga ndi jumbo kuti kusalowe fumbi, n'kuchimangirira kuchitsulo ndi mphira. Anachibwezera pamalo pake, analiza injini, anazungulira mpaka kumsika, n'kubwera mano onse pamtunda. "Chikuyenda! Mlamu, bwerani mudzaone, kamuvi kakukwera!"

Ndinapsa mtima, kunena zoona. "Inu alamu, mutu wanu ukugwira? Umboni wanu mwaukonza nokha!" Koma achemwali anafunsa funso lina, mofatsa: "Bambo a Dan, ngati sichinaduke, anamasula ndani?"

Kuseka kuja kunatha. Alamu anakhala pa njerwa n'kutifotokozera pang'onopang'ono, ngati akudzifotokozera okha. Chingwe chomwecho ndi chimene chimazunguza manambala a makilomita. Chikamasulidwa, dalaivala atha kupita ku dambo kawiri kukatenga mchenga wa ganyu yakeyake, mwini lole osadziwa kuti yayenda. Maulendo amenewo alamu anali nawo, fosholo ili m'manja, akuganiza kuti ndi a madamu.

Ndinawauza kuti achimasulenso, achimange ndi mphira yomwe ija, nkhani ithe. Anakana. "Ndachiona chikuyenda. Ndikachimasula pano, ndiye kuti womasula ndine."

Lolemba achemwali anandituma kuti ndipite nawo, akuti pakamwa panga pangathandize. Tinawapeza Mayi Tina ali pakhonde, a Enerst ataima pafupi ndi lole yatsopano. Mayiwo anawerenga tikiti ija kawiri. "Sevente eyiti, a Pearson! Simumaona spido?" Asanayankhidwe anadzigwira pamphumi. "Iii, paja inafa. Ayi, apa wolakwa ndine, ndinakupatsani lole yosaona. Tengani makiyi anu. A Enerst, mundiuze dzina la sipeya imeneyo, ndiitanitse ku Joni ngakhale idule bwanji."

Mtima wanga unakhala pansi. Nkhani inali yatha, chotsala chinali kuthokoza n'kumapita. Ndinawatsina alamu pamkono.

"Musaitanitse, madamu," anatero alamu. "Ikugwira tsopano."

"Mwaika yatsopano?"

"Ayi, yomwe ija. Chingwe chinali chongomasuka."

"Chomasuka chokha?"

Mayi Tina ndi mayi wa bizinesi, malole anawayamba ndi malemu amuna awo, sanafunikire kuuzidwa zambiri. Anakwera okha m'lole yakale, anayang'ana manambala aja atangosuntha pang'ono kuchokera pomwe anaima zaka zapitazo, n'kutsika. Kenako anakwera m'lole yatsopano, anayang'ananso manambala ake, anakhalamo kanthawi. Potsika sanakweze mawu. Anangotambasula dzanja kwa a Enerst, ndipo a Enerst anaikamo makiyi, natenga chipewa chawo n'kutuluka pageti.

"Inu pitani mukatenge mchenga," anatero mayiwo kwa alamu. "Tikiti ina ndisaionenso."

Tinakwera. Ntchito ya alamu inali itapulumuka. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinali nditawakwiyira, sindikudziwa kuti chachikulu chinali chiti. Titayenda pang'ono tinawaona a Enerst kutsogolo, akuyenda wapansi m'mbali mwa msewu, fumbi la maminibasi likuwathira. Alamu anachepetsa liwiro, anaima pambali pawo, anandidutsa ndi mkono n'kutsegula chitseko.

"Kwerani, akulu. Ndikakusiyeni kunyumba."

A Enerst sanatembenuke n'komwe. Alamu anawatsatira pa giya yoyamba, chitseko chili chotsegula, mpaka pamphambano pomwe a Enerst anakhotera m'kanjira kopapatiza koti lole singalowe.