Chithunzi cha m'nyumba ya siwa

Achimwene anga aakulu anali asodzi ku Lifuwu. M'mawa wina mwera utakula, bwato lawo linagudubuzika, ndipo thupi tinalipeza tsiku lachitatu litakodwa m'mabango.

Mng'ono wathu anali ku Joni, akugwira ntchito m'shopu. Nditamuimbira osayankha, ndinamulembera uthenga kuti achimwene atisiya. Patapita kanthawi anayankha kuti, "Popanda chithunzi ndi bodza," n'kuikaponso kankhope koseka kaja.

Mawu amenewa tinkanyozana nawo pa gulu lathu la pabanja la pafoni. Wina akadzitama kuti wapha kampango wamkulu ngati mwana, kapena wagula njinga yamoto, tinkamuyankha choncho. Ndinamuimbiranso, ulendo uno anayankha. Ndinamufotokozera za mwera ndi za mabango, koma iye ankangonena za mnzake amene anakwera basi mpaka kumudzi atanamizidwa za maliro. Anati sakhulupirira mpaka aone ndi maso ake.

Ndinalowa m'nyumba ya siwa. Azimayi anali atazungulira mphasa, alamu anga, akazi a malemu, ali kumutu. Ndinagwada pambali pawo n'kuwanong'oneza zimene mng'ono wathu wapempha.

"Alamu, nkhope imeneyi si yawonso," anatero. "Madzi awononga."

Komabe anavundukula nsalu ndi dzanja lawo. Ndinajambula kamodzi, osayang'anitsitsa, n'kutuluka kukamutumizira mng'ono wathu. Foni inaonetsa kuti chithunzi wachiona, koma sanayankhe. Maliro tinaika masana omwewo iye kulibe.

Patatha mwezi, alamu anapita kumsika wa Salima kukagulitsa usipa wouma. Mayi wina amene anayala nsomba pafupi nawo, wosawadziwa n'komwe, anawapatsa foni kuti aone zomwe nyanja inamuchita msodzi wina wa ku Lifuwu. Chinali chithunzi chija, chitazungulira kale magulu ambirimbiri. Nditamva nkhaniyi n'kumufunsa mng'ono wathu, analira n'kundiuza kuti anangotumizira msuweni mmodzi yekha, yemwe nayenso ankakana kukhulupirira.

Alamu anasiya dengu la usipa pamsika pomwepo n'kubwerera kunyumba. Sanandikalipire, sanandifunse kanthu. Sabata yotsatira anatenga ana awo atatu n'kupita kwawo ku Chitala.

Ndikapita kukaona anawo, alamu amandilonjera bwinobwino, amandiphikira. Za achimwene sitikambirana. Ndimazimitsa foni ndisanalowe pabwalo pawo, chifukwa ulendo woyamba italira m'thumba mwanga, alamu anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, osabwereranso mpaka ndinanyamuka.