Msoti wa azakhali

"Nkhuku yopatsidwa m'chilimwe uziyamba waimvetsera pakhosi," anatero amayi, koma mochedwa. Mpaka pano ya munthu sindilandira. Lero ndikusinja tsabola ndi nimu zomwetsa nkhuku zanga, fungo lake landibwezera kwathu ku Maganga.

Azakhali anandipatsa msoti wofiira, chinthu choyamba kukhala changachanga. Kutacha unayamba kukhosomola, mamina ali chuchuchu. Ndinaumwetsa madzi owawa omwewa masiku anayi, koma unafa, nkhuku zonse za amayi n'kutsatira. Tsiku lomwe unafalo ndinathamangira kwa azakhali ndikulira, kukapepesa kuti ndawononga mphatso yawo. Khola lawo linali pululu.

"Wafa lero?" anafunsa akupeta mpunga, osandiyang'ana. "Unalimbatu. Anzake anayamba kugwa ndisanakupatse n'komwe."