Chipsera cha M'galasi

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Mumsewu wonse uja, kuyambira kwa wosoka nsapato mpaka kwa wokonza mafoni, ankangowaitana kuti Anakanema, ndipo eni ake ankayankha msangamsanga ngati ndi dzina lobadwa nalo. Ntchito yawo inali yoluka tsitsi. Kasaluni kawo kanali kachipinda kamodzi: galasi lalikulu kukhoma la kutsogolo, mpando wa wolukidwa moyang'ana galasilo, benchi ya odikira kukhoma la kumbuyo, ndipo pamwamba pa benchiyo, kanema.

Anamukhomera pamenepo ndi amuna awo, bambo wowotcherera zitsulo, chifukwa soketi inali kukhoma lomwelo ndipo iwo analibe nthawi yokoka mawaya. Choncho kanemayo anali kumsana kwa aliyense. Woluka, wolukidwa ndi odikira omwe, onse ankaonera m'galasi. Anakanema ankatembenuka poyatsa m'mawa ndi pozimitsa madzulo basi. Nthawi ina yonseyo manja ali m'mutu mwa munthu, maso ali pagalasi.

Ndiye kukonda masewero kwake, abale inu! Ena amaonera ali chete, koma Anakanema ankalowamo thupi lonse. Ankalangiza, ankadzudzula, ankachenjeza. "Tembenuka mwana iwe, ali kumbuyo kwakoyo!" Wa m'sewero akapanda kumva n'kugwa m'mavuto, iwo ankapukusa mutu. "Ndinakuuza ine. Makani."

Vuto linali manja awo, chifukwa ankatsatira nkhani. Pakakhala zachikondi, zala zinkayenda mofewa mpaka wolukidwa kuodzera. Koma alowe mayi wankhanza uja wa m'sewero la masana, tsitsi linkakokedwa mpaka nsidze kukwera pamphumi. Namwino wina, kasitomala wakalekale, ankayamba wasuzumira pakhomo. "Anakanema, lero kuli ndewu kapena ukwati?" Akamva kuti ndewu, ankabwerera pomwepo. "Ndibwera mawa, mutu wanga ndi umodzi womwewu."

Mwa ochita masewero onse, mtima wawo unagwa pa mmodzi: mwamuna wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, wachipsera patsaya. Anamutsatira kuyambira ali dalaivala wa lole m'sewero lina lakale, kenako ali loya woiwala kwawo, tsopano ali mwana wa mwini hotela. Maina a m'masewerowo sankawasunga. Kwa iwo anali Chipsera wanga, basi. Ndipo anali ndi chiphunzitso chawo chimene makasitomala onse anachiloweza.

"Taonani pamene chili chipseracho. Tsaya lakumanzere, mbali ya mtima. Munthu wotere sanganame."

Amuna awo ankamutchula kuti mwamuna mnzanga. Akamadutsa masana ndi magalasi awo akuda pamphumi, ankaima pakhomo.

"Mwamuna mnzanga waswera bwanji?"

"Ali m'ndende, abambo. Amunamizira."

"Pepani kwambiri. Mumutumizire kasopo."

Anakanema ankawaponyera chipeso, onse n'kufa nazo kuseka.

Banjali linali ndi mwana wamkazi womaliza, amene mpaka kukula ankangomuti Chitsirizira. Ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndipo anali atapeza mnyamata wofuna kumanga naye banja. Mnyamatayo analibe vuto. Vuto linali mayi ake, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, amene ngakhale ana awo ankawatchula kuti Ahedi. Tsiku lina m'mawa Chitsirizira anafika pasaluni nkhope ili gwa.

"Amayi, Ahedi akubwera mawa masana kudzalukitsa. Anena okha."

"Eee, abwere! Ndiwaluka mpaka aiwale zaka zawo."

"Amayi, tamverani. Mayi aja ana awo anakula osaonera kanema. Amati masewero ndi ntchito ya alesi. Ine sanandivomerebe bwinobwino, akadandiyeza. Akakumvani mukukalipira khoma, adzati mwanayu akuchokera kubanja lotani? Chonde, mawa lokha, kanema azime. Za Chipsera musatchule n'komwe."

Anakanema anakhala kukamwa yasa. Mawa lakelo ndi limene Chipsera amakaonekera kukhoti, ndipo mayi wankhanza uja, mkazi wa bambo ake a Chipsera, anali atakonza mboni zabodza. Anakanema anadikira tsikuli ngati malipiro. Koma atayang'ana mwana wawo, anaona kuti misozi ili pafupi, ndipo mtima wa ubereki unapambana.

"Chabwino, mwanawe. Ndizimitsa. Chipsera adziwombole yekha."

Kutacha anasesa kawiri, anapukuta galasi, anatsuka zipeso zonse. Kanema anamuphimba ndi nsalu yoyera ngati wadwala. Namwino uja atamva nkhaniyi anabwera dala kudzakhala pabenchi, akuti akufuna aone ndi maso ake Anakanema ali chete.

Ahedi anafika itangotsala pang'ono nthawi ya sewero. Anali mayi wowongoka ngati rula, chikwama chili m'khwapa, magalasi ali pamphuno. Anapereka moni waulemu koma wouma. Maso awo anazungulira chipinda chonse, n'kukaima pa nsalu yoyera ija. Nkhope inagwa nthawi yomweyo. Anakanema mtima unangoti phwii. Anaganiza kuti kanemayo, ngakhale wophimbidwa yemwe, wawanyansa.

"Ameneyo sagwira ntchito?" anafunsa Ahedi.

"Amagwira, mayi, koma ife kuno sitimukonda kwenikweni. Amasokoneza ntchito."

Namwino anatsokomola pabenchi paja mpaka kutuluka misozi.

Ntchito inayamba. Anakanema anapesa, anagawa mizere, anayamba kuluka. M'chipindamo munali zii, moti ankamva ntchentche ikugunda galasi. Anayesa nkhani ya mvula, Ahedi anangoti, "Inde." Anayesa ya kukwera kwa mitengo ya zinthu, Ahedi anangoti, "Zoona." Manja a Anakanema, opanda nkhani yowatsogolera, ankayenda mozizira ngati obwereka.

Ndiye kuseri kwa khoma, kwa wokonza mafoni uja, kunamveka nyimbo yoyambira sewero. Khomalo linali lopyapyala. Anakanema analuma mlomo, maso anawakhomera pamutu wa Ahedi. Koma munthu amene wagwira ntchito ndi galasi moyo wake wonse saletseka kuyang'anamo, ndipo atayang'ana anaona zachilendo. Chala cha Ahedi chinali kugogoda pachikwama, motsatira nyimboyo ndendende, mpaka pamene ng'oma imadukiza. Mutu nawo unali kupendekera kukhoma pang'onopang'ono.

"Mayi, wongolani mutu pang'ono."

"Pepani."

Posakhalitsa mutu uja unapendekeranso. Kuseri kunkamveka mawu osamveka bwino, a mwamuna wolankhula pang'onopang'ono, kenako a mkazi akulira mokweza. Milomo ya Ahedi inagwedera, ndipo mawu anapulumuka okha, otsika koma aukali.

"Misozi yabodza. Mfiti ya mkazi."

Zala za Anakanema zinaima. Maso awo ndi a Ahedi anakumana m'galasi. Ahedi anagwira pakamwa ngati mwana wa sukulu wogwidwa akudya m'kalasi.

"Mayi," anatero Anakanema monong'ona, "mukunena mkazi wa bambo ake uja?"

"Ndiye ndinganene ndaninso? Mboni zonse zija wazigula ndi iyeyo!"

Nsalu yoyera ija sinaoneke m'mene inachokera. Namwino anakwera pabenchi, rimoti inapezeka, ndipo khoti lonse linadzaza m'galasi, Chipsera ataima m'bokosi ndi malaya akundende. Apa ndiye manja a Anakanema anadzuka. Loya wa mbali inayo akanyoza, tsitsi linkakokedwa, Ahedi n'kufuula, "Mayo!" koma osachotsa maso pagalasi. Anakanema akati, "Usayankhe, ndi msampha umenewo!" Ahedi ankawonjezera, "Khala chete, mwana wanga, loya wako alankhule!"

Itafika nthawi ya otsatsa malonda, onse anapumira m'mwamba. Ahedi anavula magalasi n'kupukuta maso. Zinadziwika kuti iwonso anamutsatira mwamunayu kuyambira pa lole paja.

"Ine sindikayika, atuluka," anatero Anakanema. "Munthu wa chipsera kumanzere, mbali ya mtima, sanganame."

"Kumanja," anatero Ahedi.

"Pepani mayi, kumanzere."

"Chipsera chili tsaya lakumanja. Ndachiona zaka zonsezi."

"Aaa, mayi, za kusukulu ndikusiyirani, koma Chipsera ndi wanga. Anamwino, tanenani!"

"Kumanzere," anavomereza namwino. "Tonse pano timadziwa."

"Ndiye kuti nonse pano mumalakwa!"

Mawu anakwera. Wokonza mafoni anasuzumira. Ndipo nthawi yomweyo Chitsirizira, amene anapempha kuchoka kuntchito msanga chifukwa mtima sunali m'malo, anaima pakhomo. Anaona kanema akuyaka, mayi ake chipeso chili m'mwamba, apongozi ake a mawa ataimirira, mutu theka woluka theka nyankhalala, akuloza chala. Mtsikanayo anatsamira chitseko n'kungoti, "Amayi, mwandipha."

Palibe anamumva. Sewero linali litabweranso. Ahedi anagwira mpando uja n'kuutembenuza kuti upenye kukhoma la kumbuyo.

"Khalani apa. Khalani, ndikuuzani! Muyang'aneni maso ndi maso, osati m'galasi."

Anakanema anakhala. Pa zaka zonse za saluniyo, aka kanali koyamba kukhala pampando wa makasitomala, manja ali pamiyendo, kanema ali kumaso. Nkhope ya Chipsera inadzaza kanema yense. Anayang'ana, anagwira tsaya lawo, anatembenukira kugalasi, anabwereranso. Chipsera chinali kumanja.

"Kalanga ine," anatero mofooka. "Zaka zonsezi galasi lakhala likundinamiza? Ndiye mbali ya mtima ija?"

"Mtima ali nawo ndithu," anatero Ahedi, "koma chipsera chili kumanja."

Anakanema anamuyang'anitsitsanso, mutu uli chopendekera. "Komatu wa m'galasi ndiye wokongola. Uyu akuoneka ngati mchimwene wake."

Ahedi anaphulika kuseka. Kunali kuseka kwa munthu amene wakusunga nthawi yaitali, kogwira m'mimba, kotulutsa misozi. Namwino anagwera pabenchi. Chitsirizira anangoti maso tong'o, osamvetsa ngati akulota.

Woweruza anaimitsa mlandu kuti upitirire mawa, monga amachitira anthu a masewero, opanda chisoni. Nyimbo yotsekera italira, Ahedi anabwerera pampando, ndipo ndi pamene anamuona mtsikanayo.

"Iwe, bwera kuno. Ndiwe unaphimbitsa kanemayu?"

Chitsirizira anagwetsa nkhope. "Ndimaopa, mayi. Ndinamva kuti simukonda."

Ahedi anasisita chikwama chawo. Atayamba kulankhula, mawu aja ouma anali atatha.

"Ana anga ndinawaletsadi, kuti awerenge. Koma ana anakula n'kuchoka, bambo awo anatisiya, nyumba inangoti zii. Tsiku lina ndinayatsa kuti ndimveko mawu a munthu, n'kupeza dalaivala wa lole uja. Kuyambira pamenepo ndimaonera ndekha, makatani otseka, mawu otsitsa, ngati ndikuba. Ndiye sabata yatha kanema wanga anafa. Ndikanamuuza bwanji mwana wanga kuti andikonzetsere, ine amene ndinkalalikira? Iye ndi amene anandiuza, moseka, kuti mayi ako ali ndi kanema wosazima. Ndinati ndipite ndikalukitse. Ndikufika, ndipeza mwamufunditsa nsalu! Ndinatsala pang'ono kulira."

Anakanema anamva chisoni chenicheni. Kuonera wekha, wopanda womugwira phewa zikavuta, wopanda womufunsa kuti waona zimenezo? Kwa iwo umenewo unali umphawi woposa wina uliwonse.

Ahedi anatembenukira kwa Chitsirizira. "Mwana wokula m'nyumba yosekamo chonchi ndi amene ndikumufuna kwathu. Koma za lerozi ukakamuuza mwana wanga, ine ndi iwe tidana."

"Sindinena, amayi," anatero Chitsirizira, akuseka ndi misozi yomwe.

Anakanema anatola chipeso n'kupitiriza. Analuka mbali yakumanja yonse bwinobwino, mizere yowongoka. Atafika pamwamba pa khutu lakumanzere anaima, ngakhale dzuwa linali likadalipo ndipo zala zinali zisanatope. Anatenga mpango wawo watsopano m'kabati n'kuwamanga Ahedi kumutu mwaluso, kubisa pamene panatsala.

"Mwasiyiranji?" anafunsa Ahedi. "Patsala pang'ono pokha."

"Tsitsi la mbali iyi ndi lovuta, asebele. Silifuna kuthamangira. Mubwerenso mawa, nthawi ngati yomweyi."

Ahedi anawayang'ana m'galasi, ndipo anamvetsa. Anakonza mpango uja pang'ono.

"Ndipo mawa mudzamaliza?"

"Zidalira woweruza," anatero Anakanema. "Mlandu umenewu ndikuuona ngati utenga nthawi."